Lilime la a Zingani

Lachitatu masana, ali pakhonde, a Zingani analota akulowa m'kamwa mwawo momwe. Anavula nsapato pamlomo poti munali monyowa, n'kuyenda mpaka pamene dokotala anazula dzino sabata yatha. Panali dzenje ngati loumbira njerwa. Mtima unawawawa. Dokotala uja anali atanena mosabisa kuti nkhama ikapanda kupola pofika Loweruka, lipenga asalikhudze. Chonsecho Loweruka ndilo tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi Mwaiwawo, amene anamulonjeza kalekale kuti adzamuimbira lipenga polowa m'tchalitchi.

M'mbali mwa dzenjelo munali tinyumba tambirimbiri. Pakhomo lililonse panaima amayi awiri ovala zitenje zofanana, manja atatambasula.

"Ndife olandira uthenga," anatero mmodzi. "Tinyumbati ndi maselo a nkhama yanu. Sagwira ntchito mpaka ife titalandira kalata yowauza kuti akule."

"Nanga kalatayo ili kuti?"

"Ikubwera ndi magazi, bambo."

Ndipo unatsikadi mtsinje wofiira, akabaza akupalasa njinga pamwamba pake osamira. Kalata iliyonse inali ndi khomo lake, pakhomo lina siinkakwana m'manja. Wakabaza wina waphuma anangoponyera kalata mayi mmodzi. Mayiyo anaisiya igwe.

"Kuno sitilandira ndi dzanja limodzi," anamuuza, "ndiponso salandira munthu mmodzi."

Wakabaza anapepesa n'kuitola. Amayi awiriwo anayandikana, anagwada, analandira ndi manja anayi, kenako anafuulira m'nyumba kuti, "Yafika!" Kanyumbako kanagawanika kukhala tiwiri, tiwiri kukhala tinayi, tonse n'kuyamba kukwawira kudzenje kukalitseka. A Zingani, munthu wamkulu ndi ndevu zawo, anangotsala pang'ono kululutira.

Mwadzidzidzi pansi panagwedezeka. Kunabwera chinyama chonyowa, chachikulu ngati ng'ombe koma chopanda miyendo, n'kunyambita dzenje lonse. Tinyumba, njinga, makalata, zonse zinakokolokera kummero. Pambuyo pake panatsika mtengo wa machesi, wautali ngati wa magetsi, n'kutokosa zotsala.

"Kachisanu ndi chiwiri lero," anatero mayi uja, akufinya chitenje.

A Zingani anapsa mtima. "Chinyama chimenechi n'cha ndani? Mwini wake alibe khalidwe! Sakudziwa kuti kuli ukwati?"

Chinyamacho chinatembenuka n'kuwerama mwaulemu. Linali lilime lawo.

"Wawa bwana. Ine ndimangobwera kudzaona ngati papola. Mumandituma ndinu."

Manyazi anawagwira a Zingani. Chapafupi panamveka kutsokomola. Anali malemu dzino, atakhala pampando, atavala jekete lomwe anaikidwa nalo.

"Ine ndinapita ndipo sindidandaula," anatero malemuwo. "Nzimbe ndinadya, chimanga chokazinga ndinakukuta. Koma manda anga asiyeni, akonzedwe. Kuzonda kwanu kwanyanya. Chigwireni chinthucho."

A Zingani anavula malaya n'kulimbwandira lilime. Linali loterera ngati mlamba. Kumtunda akabaza ena anali atayamba kutsika, amayi akutambasulanso manja.

"Kamodzi kokha, bwana," linachonderera lilime. "Ndingokhudza m'mbali basi."

"Mpaka Loweruka!" anakuwa a Zingani, akulifinya ndi mphamvu zonse.

Atatsegula maso anaona Mwaiwawo ataima pabwalo, kumbuyo kwake kuli makolo a mkwati atavala zapaulendo. Onse ankawayang'ana. A Zingani anali atatsina lilime lawo ndi zala ziwiri, dovu likuyenderera pachigongono.

"Bambo, alendo akukupatsani moni."

A Zingani sanalisiye. Anangoweramitsa mutu, alendo nawonso n'kuweramitsa yawo, osadziwa kuti mwina ndi mwambo wa pakhomopo.

Mwaiwawo anasendera pafupi. "Bambo, muli bwino? Loweruka mudzaimba koma?"

Ndi dzanja linalo a Zingani anasolola kamtengo ka machesi kuseri kwa khutu n'kumupatsa. Mwanayo, ngakhale sanamvetse, anagwada n'kukalandira ndi manja awiri.