Telala Sankaponda Pansi

Mphekesera yomwe ili m'kamwa mwa aliyense ndi yoti Telala anafuna kumiza mwamuna wake padziwe losambira la kuseri kwa sukulu. Ena akuti anachita kumukankha, ena akuti anamukhalira pamutu. Bodza lokhalokha! Nkhani yake ndi iyi.

Telala, mayi wosoka madiresi uja, anayamba kusambira chaka chatha msana utamuvuta chifukwa chokhalitsa pamakina. Analibe mphunzitsi, analibe wotchi, ngakhale kuwerenga kuti wawoloka kangati sankawerenga. Ankangolowa m'madzi m'mawa n'kumvera thupi lake. Likati chagada, chagada. Likati ngati chule, ngati chule. Likati basi, ankatuluka akumwetulira. Mlonda wa padziwepo ankamuseka kuti, "Mayi, kasambidwe kanuka kali m'buku liti?" Iye n'kumati, "Buku lake ndi msana wangawu, achimwene."

Chomwe anachidziwa kwambiri n'kuima m'madzi akuya. Miyendo ikupalasa pansi mwakachetechete, mutu uli phee pamwamba, ngati munthu woti waima pasimenti.

Mwamuna wake, dalaivala wa malole amene anthu amamutcha Chibakera, zimenezi zinkamunyansa. Ati mkazi wapabanja savula pagulu. Anamung'ambira zovala zosambira kawiri konse, Telala n'kusoka zina. Kachitatu anamutupitsa diso, n'kulumbira kuti akadzamupezanso kumeneko adzamuthyola miyendo.

Loweruka lina anamupezadi padziwepo. Analowa pageti lamba ali m'manja, n'kukankha mlonda uja mpaka kugwera pandowa.

"Iwe! Tuluka!"

Telala anali m'madzi. Anayang'ana masitepe, anayang'ana chitsulo cha lambayo, miyendo yokha n'kumutengera pakati, kwakuya.

"Bambo a mwana, tikakambirane kunyumba."

"Ndati tuluka, hule iwe! Ukuonetsa ndani ntchafuzo?"

Anamugenda ndi botolo, kenako nsapato za anthu. Mpando wapulasitiki unamupeza pachipumi, magazi ali chuchuchu kulowa m'maso. Koma mayiyo sanasunthe, anangoima pomwepo madzi ali m'khosi.

Apa m'pamene Chibakera anapusa. Anaona mkazi wake wamfupi uja mutu uli pamtunda, n'kuganiza kuti iyeyo madziwo amulekeza m'chifuwa. Anadumpha ndi jombo zomwe. Khuvu! Pansi osapapeza.

Anavuuka akutsokomola, maso atatong'oka, n'kumugwira Telala tsitsi. Anamukanikizira pansi pofuna kumukwera, bondo pamsana, chigongono pakamwa mpaka dzino kuguluka. Telala anamwa madzi, m'chifuwa mukuotcha ngati moto. Anamuluma dzanja, bambo osasiya. Anamukanda kumaso, bambo osasiyabe. Ndiye thupi linamuuza zodabwitsa: tsika. Anadzimiza dala mpaka kukhudza matailosi, ndipo Chibakera, poopa kupita nawo pansi, anamutaya.

Telala anatulukira patali, n'kugwira khoma akulavula magazi. Kumbuyo kwake mwamuna ankaphupha ngati nkhuku yodulidwa khosi, kumira, kutulukira, kumiranso.

"Mayi a mwana! Chonde, ndigwireni!"

Mwamva ulemuwo? Chikwatirane anali asanamutchulepo choncho.

Mlonda ankatsimphina kulowera kuchipinda chosungiramo katundu akukuwa kuti, "Mayi, athandizeni! Ine ndikatenge mtengo!"

Telala anachotsa dzanja limodzi pakhoma. Anali pafupi, kupalasa kanayi kokha akanamufika. Anayang'ana zikhatho zija zikufufuza chogwira, tsitsi lake lidakali m'zala, n'kubwezera dzanja lake pakhoma. Anagwiritsa.

Mlonda ndi amene anamukoka Chibakera ndi mtengo wochotsera masamba, ali lobodo, milomo itayera. Anasanza madzi pafupifupi ndowa yonse, n'kukagona kuchipatala masiku awiri.

Panopa apongozi a Telala akuyenda khomo ndi khomo kulengeza kuti mkazi ameneyu ndi mfiti, anaonerera mwamuna wake akufa. Telala wanyamula makina ake, ali kwa mchemwali wake, ndipo akamayankhula mpweya umatulukira pagweru paja.

Tanenani zoona, osanamizira chifundo: mukanakhala inuyo pakhoma paja, mukanabwerera kukamugwira?