Mizu ya Seri

Bambo anga, a Shozo, anasiya kudya nyengo yozizira itangoyamba. Amayi atamwalira tinakawatenga kwathu ku Odate kuti azikhala nafe ku Saitama, koma mutu wawo unayamba kutaya zinthu pang'onopang'ono: kaye njira ya kubafa, kenako mayina a adzukulu, pomaliza langa. Adokotala sanapsatire mawu. Anati akapitiriza kukana chakudya awaboola pamimba n'kuikapo kapaipi. Munthu amene analima mpunga moyo wake wonse azidyera m'paipi? Ine zinandiwawa kwambiri.

Ndinaganiza zopita ku Odate kukatenga zophikira kiritanpo, chakudya chimene amayi ankaphika tikakolola. Mwamuna wanga Norio anati zonsezo zimapezeka m'sitolo ya pakona. Norio ndi munthu wabwino, koma ndi mwana wa mu Tokyo. Kwa iye nkhuku ndi nkhuku basi. Ndinakwera sitima, n'kubwerako ndi mpunga watsopano, nkhuku ya kwathu ndi mtolo wa ndiwo zamasamba zotchedwa seri, matope akadali kumizu.

Mpunga ndinauphika, n'kuusinja pang'ono, n'kuumata pa timitengo ta mkungudza, n'kuwotcha mpaka unafiirira. Msuzi wa nkhuku uli pamoto, Norio anati athandizeko kutsuka seri. Ndinamulola, maganizo anga ali kwina.

Bambo tinawakhazika patebulo. Fungo litawafika anadzutsa mutu, n'kutola okha timitengo todyera, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Anavundula m'mbale, kuvundulanso, kenako anaika timitengo pansi.

"Mizu ili kuti?"

Norio anayankha mwaulemu kuti waidula n'kuitaya, poti inali ndi matope.

"Kiyo sataya mizu," anatero bambo, akukankha mbale. "Ndimudikira abwere, adzaphike yekha."

Kiyo ndi amayi anga. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti kukoma kwa seri kuli kumizu, masamba amangoperekeza. Ndinafuna kumulalatira Norio, koma nkhope yake inali itagwa kale, ndipo pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanamuphikirepo kiritanpo. Akanadziwira kuti?

Ndinapisa dzanja m'bini. Mizu inali pansi pa makoko a anyezi. Ndinatenga mswachi watsopano n'kukhala pansi kukhitchini, beseni lili pamiyendo, n'kuyamba kukwecha muzu umodziumodzi monga ankachitira amayi. Madzi anali ozizira koopsa. Norio ankangosintha madziwo. Mizu itayera ngati ndevu za nkhalamba, ndinaiviika mumsuzi wowira pang'ono chabe kuti isafewe.

Bambo anatola muzu umodzi n'kutafuna. Tinkamva kukukuta kwake. Anatola wina, kenako chidutswa cha mpunga chonyowa ndi msuzi, kenako nyama. Mbale inatha. Ndinadziwa kuti kapaipi kaja kayamba kadikira, misozi n'kungoyamba kutsika yokha.

Bambo anandigwira dzanja. Zala zanga zinali zofiira ndi kuzizira, zikununkha matope a kwathu. Anazisisita, akundiyang'ana m'maso mmene anali asanandiyang'anire chibwerereni ku Saitama. Ndinadikira kuti anene kuti Fumie, dzina limene anandipatsa okha.

"Kiyo, iwenso ukachoka umachokeratu. Unali kuti masiku onsewa?"

Norio anaweramitsa mutu. Ndikanatha kuwauza kuti amayi tinawaika kale m'manda, kuti ine ndine mwana wawo. Koma ndinaona mbale yopanda kanthu ija.

"Ndinali kudimba, bambo a Fumie," ndinatero. "Ndikuwonjezereni?"

Anavomera ndi mutu. Ndikuwapakulira anandifunsa kuti Fumie ameneyo ndi ndani.