Dzina la Hanifa Linatsala ku Phiri

Chaka chimenecho, aliyense mu Zomba amene anaonera filimu ya Galimoto ya ku Joni ankati mphoto ya mkazi wochita bwino sewero ili ndi mwini wake kale. Ophunzira a ku Chirunga ankakangana mpaka kusasa mawu pa mphoto zina zonse, koma akafika pa imeneyi ankangogwirizana. Muulutsi wina wa pa wailesi ya m'tawunimo anachita kulumbira kuti ngati Hanifa Mdala sapambana, iye asiya ntchito akagulitse mbatata ku Songani.

Hanifa anali telala wa ku Chikanda, mayi wa ana awiri, ndipo anali asanaimepo kutsogolo kwa kamera chibadwire. M'filimumo anali mkazi amene mwamuna wake wafera ku Joni, ndiye akudikira galimoto yobweretsa thupi. Galimotoyo inkangomveka kuti ili pa Mwanza, mawa lake n'kumveka kuti yafera ku Tete. Azimayi ambiri a ku Chinamwali ndi ku Domasi anadikirapo galimoto yotere, choncho ankaonera atagwira pakamwa.

Mayi Modester Makwinja ankamva zonsezi ali duu, chifukwa anali mmodzi mwa oweruza a Mphoto za Nthanda. Anaphunzitsa Chichewa ndi zisudzo ku Malosa mpaka kupuma pa ntchito, ndipo okonza mphotozo anawaitana kuti mu komiti mukhaleko munthu wa chigawo cha kummawa. Ntchitoyo anaitenga ndi manja awiri. Anathera masabata ali pa laputopu ya mwana wawo, magetsi akalola, kuonera mafilimu amene anawatumizira, mpaka maso kuyamba kutuluka misozi yokha.

Oweruza anakumana pa loji ina pamwamba pa phiri. Kunali chiperoni, nkhungu itaphimba mitengo ya paini moti ngakhale tawuni sinkaoneka kumunsi. Ntchito ya tsikulo inali yosankha mayina atatuatatu pa mphoto iliyonse, oti akalengezedwe ku dziko. Wapampando anali bambo Wilson Kapalamula a ku Lilongwe, munthu wa mawu ofewa amene ankamwetulira ngakhale pokukana. Panali a Tony a pa kanema wina wa ku Blantyre, Brenda woimira kampani yothandiza mphotozo, ndi Tusekile Mwafongo, mtsikana wolemba masewero wa ku Karonga.

M'mawa anamaliza za amuna popanda vuto lalikulu. Atafika pa akazi, a Kapalamula anapukuta magalasi awo.

"Apa sitichedwa," anatero. "Rosebell walowa, sindikuona wotsutsa. Titchule awiri otsalawo."

Rosebell anali mtsikana wotchuka wa ku Lilongwe, amene anasewera mkwatibwi wolemera wothawa ukwati wake. Brenda anatchula dzina lachiwiri, a Tony lachitatu, onse a m'mafilimu a m'mizinda ikuluikulu. Mayi Makwinja anadikira, poganiza kuti mwina akungoyamba ndi mayina oti achotsedwe. Ataona wapampando akufuna kupita pa mphoto ina, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Pepani a tcheya. Nanga Hanifa?"

"Hanifa uti?" anafunsa a Tony. Kenako anakumbukira. "Oo, filimu ya Achawa ija."

"Ayao," anatero mayiwo.

"Eya, amenewo. Mayi, ine ndinayesetsa. Koma mawu ake! Tambala akulira, chigayo chikulira, ana akuphokosera kuseri. Chichewa chakenso n'chosakaniza, pena sumva kuti akuti chiyani."

"Chimenecho ndiye Chichewa chimene mwachimva pa msika mukubwera kuno. Komanso tikuweruza Hanifa, osati tambala. Munafika pamene galimoto ija ikufika?"

A Tony anayang'ana foni yawo. "Ndinaona zokwanira."

"A Brenda, inu munafikapo?"

"Ine anandifotokozera," anayankha Brenda mosachita manyazi.

Mayi Makwinja anapempha kuti aonere limodzi kachigawo kameneko kokha. A Kapalamula anavomera ndi kumwetulira kwawo kuja, ngati akulola mlendo wovuta kuti apemphere kawiri.

Anaika filimuyo. Galimoto ikuima pabwalo, anthu akutsitsa bokosi. Pambuyo pa bokosilo pakutsika mkazi wina wachilendo, mwana kumsana, nkhope ya mwanayo ili ndendende ya malemu. Anthu onse akutembenukira kwa Hanifa kudikira kuti akuwe kapena agwe pansi. Iye akuyang'ana mkaziyo nthawi yaitali. Kenako akulowa m'nyumba, akutuluka ndi kapu ya madzi, akugwada n'kumupatsa. Madziwo akutayikira m'manja mwake.

Pamene Hanifa ankalowa m'nyumba muja, foni ya a Tony inalira ndipo anatuluka nayo panja. Wogwira ntchito pa lojipo analowa ndi tiyi, Brenda n'kuyamba kumufunsa ngati kuli mkaka wa madzi m'malo mwa waufa. Amene anaonera mpaka kumapeto anali Tusekile, amene ankapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndi a Kapalamula.

"Zogwira mtima ndithu," anatero wapampandoyo. "Koma tinene zoona, mayi. Kumeneku si kuchita sewero. Mayiyu akungochita zimene amachita kwawo tsiku ndi tsiku. Rosebell anachita kuphunzira kukhala munthu wina."

"Mwamuna wa Hanifa ali moyo, amakonza njinga zamoto ku Mpondabwino. Ku Joni sanapiteko. Ndiye kwawo kwake ndi kuti kumene amachita zimenezi tsiku ndi tsiku? Mwana wa ku Lilongwe akavala diresi loyera n'kulira, mukuti ndi luso. Telala akakuliritsani osatulutsa mawu, mukuti ndi mmene alili."

Brenda anaika kapu pansi. "Mayi, ndilankhule ngati wa kampani. Mayina amenewa tikawaika pa zikwangwani m'misewu. Anthu akufuna nkhope zimene amazidziwa. Rosebell akalemba chinthu pa Fesibuku, dziko lonse limaona. Hanifa wanuyo ali n'komwe pa Fesibuku?"

"Ndiye bwanji simunangowerenga otsatira pa Fesibuku? Ife mwatikwezeranji phiri m'chisanu muno?"

A Tony anali atabwerera. Ananong'oneza wapampando kanthu, ndipo a Kapalamula anakhosomola pang'ono.

"Pali kankhani kamodzi, mayi Makwinja. Idrissa, amene anajambula filimu imeneyi, si wophunzira wanu wa ku Malosa?"

"Ndinamuphunzitsa, inde. Kalekale, pamodzi ndi ana ena ambirimbiri."

"Malamulo athu amati woweruza amene ali pa ubale ndi filimu asaponye voti pa filimuyo. Si kuti tikukukayikirani ayi."

"Nanga a Tony? Rosebell sachititsa pologalamu pa kanema wawo Loweruka lililonse?"

"Imeneyo ndi ntchito," anatero a Tony. "Si ubale."

Anaponya voti mayiwo atapinda manja. Dzina la Hanifa linapeza dzanja limodzi, la Tusekile.

Pa nthawi ya nkhomaliro Mayi Makwinja sanalowe kodyera. Anakaima pakhonde, kuyang'ana nkhungu ikuyenda pakati pa mitengo. Tusekile anawapeza pomwepo, ndipo iwo anayamba kukhuthula zonse: anthu oweruza zinthu zimene sanaonere, anthu amene akamva katchulidwe ka ku Zomba makutu awo amatsekeka, anthu oganiza kuti Malawi amathera pa Lilongwe ndi Blantyre. Tusekile anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Amama, ndikufunseni chinthu, musakwiye," anatero. "Mphepo za ku Kaporo munaimaliza?"

Imeneyi inali filimu ya ku Karonga, ya m'Chinkhonde, mmene bambo wina wachikulire dzina lake Yesaya anasewera mlimi wa mpunga amene ana ake akumukakamiza kugulitsa munda. Mayi Makwinja anaiyamba, koma mawu omasulira olembedwa m'munsi anali ang'onoang'ono, maso ankawawa, ndipo anaisiya pakati n'cholinga choti adzaibwerere. Sanaibwerere.

"Sindinaimalize," anayankha motsitsa mawu.

"Ndinadziwa. M'mawa muja nditatchula a Yesaya ndinakweza dzanja ndekha. Inu munali kuyang'ana pawindo."

Tusekile sananene mwaukali, ndipo zimenezo ndi zimene zinawapweteka kwambiri. Atabwerera m'chipinda, mayiwo anapempha kuti nkhani ya amuna itsegulidwenso, aonere a Yesaya monga anaonera Hanifa. A Kapalamula anati zimene zatsekedwa zatsekedwa, komanso ena anali ndi ulendo wautali ndipo msewu wotsika phiri suyendeka bwino nkhungu ikachuluka. Anawakumbutsanso onse kuti palibe woulula kanthu mayina asanalengezedwe.

Masiku otsatirawo Mayi Makwinja ankazemba njira ya ku Chikanda. Koma Zomba ndi yaing'ono. Tsiku lina ali mu msika waukulu kugula nyemba anamva wina akuwaitana, ndipo atacheuka anaona Hanifa ali pa benchi ya nsalu, atanyamula ziwiri, ina yobiriwira ina yofiirira.

"Aphunzitsi, bwerani mundithandize," anatero akuseka. "A Idrissa akuti ndisoke chovala chokalandirira mphoto. Pa kanema imaoneka bwino ndi iti?"

Mayiwo anayang'ana nsaluzo, anayang'ana Hanifa. Mawu anafika pakamwa n'kubwerera. Wogulitsa nsalu anali tcheru, ndipo nkhani ikalowa mu msika umenewo imafika ku Chirunga dzuwa lisanapendeke.

"Yobiriwirayo," anatero, n'kunamizira kuti minibasi ikuwasiya.

Mayina atalengezedwa pa wailesi, Zomba inawira. Ophunzira analemba zaukali pa Fesibuku, ena mpaka kutukwana Rosebell amene sanalakwe kanthu. Muulutsi uja sanapite ku Songani, koma anathera pologalamu yonse akufunsa kuti oweruzawo anaonera ndi maso kapena ndi chiyani. Ena anakumbukira kuti mu komitimo munali munthu wa konkuno, ndipo ku tchalitchi azimayi ena anayamba kuwapatsa moni wa m'mphuno.

Mayi Makwinja anapita okha ku Chikanda. Anapeza Hanifa ali pakhonde la shopu yake akusoka mayunifomu a sukulu. Anawapatsa mpando, koma makina sanaimitse.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero Mayi Makwinja. "Ndinalimbana nawo, mwanawe. Voti anandiletsa kuponya."

"Tsiku lija ku msika munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munandisankhira mtundu wa nsalu."

"Anatilumbiritsa kuti tisaulule."

Hanifa anaimitsa makina, anadula ulusi ndi mano. "Ine za mphotozi sindinkazidziwa, aphunzitsi. Ndinavomera filimu chifukwa a Idrissa anandichonderera. Ndinu anthu a sukulu munabwera kudzandiuza kuti ndine wakutiwakuti. Apongozi anga anauza mudzi wonse. Ana anga akusekedwa ku sukulu. Panopa aliyense wobwera ndi zipi yoti ndimuikire amayamba wandipepesa ngati pano pagwa maliro. Ndatopa nazo."

"Amene anaonera akudziwa chimene unachita."

"Adziwe. Ine ndili ndi mayunifomu awa."

Makina anayambanso kulira. Mayiwo anakhala pang'ono, kenako anatsanzika.

Mayiwo ali m'njira, a Kapalamula anawaimbira foni. Anati aona phokoso la ku Zomba ndipo komiti yaganiza bwino: pa tsiku la mwambo, mphoto ya akazi akapereke ndi Mayi Makwinja, kuti anthu a kummawa aone kuti palibe chidani. Anawonjeza kuti mwachionekere wolandira adzakhala Rosebell.

Mayiwo anaima pambali pa msewu, akabaza akuwadutsa mbali zonse. "A Kapalamula, voti munandilanda. Tsopano mukufuna manja anga?"

"Mayi, musazitengere pamtima. Ndi mphoto chabe."

"Perekani nokha. Ndipo aliyense wondifunsa ndimuuza mmene zinayendera kuphiri kuja, kuyambira filimu zimene inu simunamalize mpaka imene ine sindinamalize."

Anachitadi zimenezo. Muulutsi uja atawaitana, anafotokoza zonse, za Hanifa ndi za a Yesaya zomwe. Anthu anakambirana kwa sabata imodzi, kenako kunabwera nkhani ya mpira. Rosebell analandira mphoto yake, ndipo chaka chotsatira komiti sinawaitanenso Mayi Makwinja. M'malo mwawo inaika mphunzitsi wina wachinyamata wa ku Chirunga, dzina lake Marvin, amene anthu ankati ndi womvetsa zinthu. Tusekile anakhalamo chaka chimodzi chokha n'kutuluka yekha.

Idrissa atayamba filimu ina anapita kwa Hanifa kangapo, koma Hanifa anakana. Idrissa anatenga mtsikana wa ku koleji, amene anachita bwino ndithu: ankalira pamene auzidwa kulira, mawu ake ankamveka onse. Mayi Makwinja anakaonera mu holo ina m'tawunimo, anaomba nawo m'manja, kenako n'kubwerera kunyumba. Mpaka pano akadutsa pa shopu ija ku Chikanda, iwo ndi Hanifa amapatsana moni, amafunsana za ana ndi za mvula, basi.