Nsonga Imodzi Kapena Ziwiri

Mmisiri anagoneka ndodo yosewerera pulu, masewera omenya mipira patebulo aja, pabenchi, pakati pa utuchi ndi zitini za vanishi, n'kuipotokola. Inagawika pawiri.

"Chogwirira n'chimodzi basi," anatero. "Koma chakutsogoloku, nsonga, ena amafuna ziwiri, kuchitira kuti ina ikapindika. Inu ndikupangireni zingati?"

Wamagetsi, amene anabwera kudzapangitsa ndodo, anaiyang'anitsitsa nsongayo. Kafunso kochepa, koma kanamuvuta.

Za ndodoyi anapangana ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Zaka khumi ndi ziwiri ankasewera limodzi Loweruka lililonse masana, m'kachipinda kakuseri kwa wometa tsitsi. Mlamuyo ankakonda nsonga yowonda, iye yonenepa.

"Tidzapangitse yathuyathu, alamu," ankatero mlamuyo akupaka choko kunsonga ya ndodo. "Chogwirira chimodzi, nsonga aliyense yake. Mlongo wanga munanditengera, ndiye ndodo yokha musandimane."

Koma banja lija linatha miyezi inayi yapitayo, popanda ndewu kapena phokoso. Mkaziyo ananyamula makina ake osokera ndi makatani n'kubwerera kwawo. Chichokereni, alamu aja sanaonekenso kutebulo la pulu.

"Ndiyambe ndaimba foni," anatero Wamagetsi.

Anatuluka n'kukaima pafupi ndi mulu wa matabwa. Foni inaitana mpaka anatsala pang'ono kuidula.

"Halo. Ee, muli bwanji bambo?"

Bambo. Pakamwa pomwe paja pankatuluka "alamu" kakhumi pa ola.

"Ndili kwa mmisiri wa ndodo uja. Akufunsa za nsonga yanu, yowonda ija."

Wamagetsi anakanikiza foni kukhutu. Chapatali ankamva ana akusewera, ndi mawu a mkazi amene ankawadziwa bwino akuuza wina kuti atseke mpopi.

"Masiku ano sindikusewera," mlamuyo anayankha. "Msanawu. Komanso mukudziwa mmene zinthu zilili. Musandiganizire molakwika."

"Ayi, palibe kanthu. Mupereke moni kunyumba."

Atalowanso, anapeza mmisiri akunola pensulo ndi mpeni.

"Imodzi. Yonenepa."

"Muganize bwino, achimwene. Ambiri amabwera pambuyo pake kudzafuna yachiwiri, ndiye thabwa limakhala lina, sizikumana bwino."

"Imodzi yomweyo."

Ndodo inatha patapita masabata atatu, yosalala ngati galasi, yonunkhira vanishi. Loweruka anaitenga kupita nayo kwa wometa uja.

"Koma ndiye mwagula chinthu!" anatero wometa. "Ndimalize mutu uwu ndidzakuchapeni."

Mitu sinathe. Wina akanyamuka pampando, wina n'kukhalapo. Wamagetsi anasanja mipira, naimwaza yekha ndi ndodo. Ankamenya ya mizere, n'kuzungulira tebulo kukamenyanso inayo. Atagwetsa mpira wovuta wapakona anatembenuka msanga, koma kumbuyo kwake kunali mpando wapulasitiki ndi tsache.

"Amagetsi!" wometa anaitana. "Poti mwabwera, tandionereni soketi iyi, ikuthetheka."

Anatsamiritsa ndodo kukhoma, napukuta manja pathalauza, n'kupita mofulumira.