Kumchira kwa Ng'ona

Nkhani inafika ku Chia kudzera pa wailesi ya m'mawa, amake Laila akuyanika makaka a chinangwa pathandala. Wowerenga nkhaniyo anangoithamangira ngati akuthawa moto: namondwe wawomba kum'mawa kwa dziko la Cuba, nyumba zagwa, anthu afa, magetsi azima dziko lonse. Kenako anayamba za mpira.

Lichero linawapulumuka m'manja. Ku Cuba n'kumene kunali Laila, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anapita chaka chatha kukaphunzira udokotala. Mayiwo anaimba foni, sinalowe. Anajambula mawu pa watsapu, uthenga unangokhala pomwepo ndi kachongi kamodzi. Mantha anawagwira.

Ku Chia nkhani imathamanga kuposa bwato la injini. Dzuwa lisanatenthe, a Latifu, mchimwene wa malemu amuna awo, anali atakhala kale pakhonde, kofia ili pabondo.

"Paja munati n'chilumba, alamu?" anafunsa a Latifu.

"Eya, n'chilumba."

"Ha! Mwera wangokupeza pa chilumba, uthawira kuti? Ife ku Mbenji tinaziona, tinachita kukumbatira miyala."

A Latifu anakalambira pa nyanja, ndipo kwa iwo chilumba chinali kanthu kozungulira wapansi tiyi asanazizire. Kuwatsutsa kunali kutaya malovu. Komatu amake Laila ankadziwa kuti si choncho, poti mwanayo asananyamuke anawajambulira dzikolo pamchenga ndi kamtengo, pansi pa mtengo wa mango wa pakhomopo.

"Amayi, si Likoma ayi," anatero Laila tsiku limenelo. "Kukula kwake n'ngati Malawi yense, kutalika kwake nyanja yathuyi muilumikize kawiri. Anthu ake angakwane theka la ife. Amayankhula Chisipanishi, amalima nzimbe ngati ku Dwangwa, kutentha ngati kuno komwe. Ndikwera ndege ku Lilongwe, kusintha ku Addis, kusinthanso ku Ulaya, ndiye n'kuwoloka nyanja yamchere. Inu mukamaswali masana, ife kumeneko tizikhala tikudzuka kumene."

Iwo anayang'ana chojambulacho n'kulavula. "Imeneyi si ng'ona iyi?"

"Eni ake amateronso," anaseka Laila. "Koma musaope, ine ndikakhala ku Havana, kumchira. Mano ali kutali."

Tsopano amake Laila anawafotokozera a Latifu zonsezi. Mkuluyo anangopukusa mutu. "Ng'ona, alamu, imayamba ndi mchira. Mano amangomaliza ntchito."

Masana kunabwera a Raston, aphunzitsi a pasukulu yapafupi, ndi mapu pa foni yawo. Anaonetsa kuti mutu wa ng'onayo ndiwo uli kum'mawa kumene kwawomba mphepo, ndipo Havana ili kutali, ulendo woposa wa ku Nsanje mpaka ku Chitipa. "Ndi magetsi chabe, mayi. Akayaka aimba."

Amake Laila anathokoza, koma mtima sunatsike. Mawu otere anali atawamvapo kale. Chaka chimene mwera unatenga a Rashidi, amuna awo, anthu ankatinso, "Akocheza kwina, abwera." Anabweradi, atakulungidwa mu mkeka. Chiyambire pamenepo, munthu akamawalimbitsa mtima m'pamene iwo ankaopa kwambiri.

Kutacha, foni inali zii. Anthu anayamba kufika, poti kwathu kuno mnzako akakhala pa nkhawa sumusiya yekha. Koma taonani mmene chifundo chimakhalira pansi. Amuna anapita okha pansi pa mango, amayi anayala mphasa kukhonde, atafunda mpaka kumutu. Wina anatula mtolo wa nkhuni, wina kambale ka mpunga. Palibe anatchula mawu oti maliro, koma aliyense wodutsa pamsewu ankatsika njinga n'kuyenda akukankha.

"Dzuwa lawawa, amayiwa alowe m'nyumba," ananong'ona a Nasra, akazi a a Latifu. "Tingotulutsako mipandoyi kuti apeze poyala mphasa."

Amake Laila anaima pakhomo, manja atatambasula. "Mpando usatuluke muno! Mwamva chiyani chimene ine sindinamve?"

Ankadziwa bwino lomwe. Mipando ya pabalaza imatuluka pakhomo pakagwa zovuta basi. Inatuluka tsiku la a Rashidi, ndipo ikatulukanso ndiye kuti iwo avomera. Anaganiza za mwana wawo ali pansi pa khoma lakugwa, pakati pa anthu osadziwa ngakhale kutchula dzina lake bwino. Angamusambitse ndani? Ndani angadziwe kolozetsa nkhope yake m'manda? Anakhala pakhomopo tsiku lonse, foni ili m'manja, osalawa kanthu.

Tsiku lotsatira wailesi inati chiwerengero cha akufa chakwera. Khamu nalo linakwera. Anabwera ena ochokera ku Mwadzama, atamva kuti mwana wa a Rashidi wapita ndi madzi ngati bambo ake, ndipo mayi wina anayambira kulira kumsewu. Kulira n'kopatsirana. Amake Laila anatsetsereka n'kukhala pansi m'mbali mwa chitseko.

"Alamu," anatero a Nasra mofatsa.

Iwo anangochotsa mwendo panjira. Mipando inadutsa umodzi umodzi, pomaliza tebulo limene Laila ankawerengerapo. A Latifu anatuma munthu kukaitana ashehe kuti adzatsogolere pemphero la duwa.

Anthu atangobwerako koswali masana, foni inalira pachifuwa pa amake Laila. Nambala inali yachilendo, yaitali. Anaiyang'ana ngati njoka. Uthenga wa imfa umabwera pa nambala zoterezi. Chala chinakana, mpaka a Raston anawadinira.

"Amayi? Asalamu aleikum! Ndabwereka foni ya mnzanga, yanga inathima. Kuno kunangogwa mvula basi, koma magetsi..."

Amake Laila anangoti kukamwa yasa, misozi ili chuchuchu. M'nyumbamo amayi anzawo aja ataona nkhope yawo anaganiza kuti uthenga uja wafika, ndipo anakweza maliro onse pamodzi.

Laila anakulira pa Chia, kulira kumeneko ankakudziwa.

"Amayi, kwagwa chiyani?" Mawu ake anasanduka a kamwana. "Ndani watisiya? Ndiuzeni, musandibisire chifukwa ndili kutali. Amayi, ndani?"

Amake Laila anayang'ana panja. Mipando inali ndandanda padzuwa, nkhuku itakwera kale patebulo lija.

"Palibe, mwanawe," anatero. "Palibe. Usadule foni, uzingoyankhula."

Anaimirira, foni ataipanikiza ndi phewa, nadutsa pakati pa anthu. Anaingitsa nkhuku ija n'kugwira tebulo. A Latifu anathamangira kuti awathandize, koma iwo anakana. Analikoka okha mpaka m'nyumba.