Mwala Wanga pa Khomo la Tchalitchi

Ine ndimatola miyala. Sekani, a ku Chikwa onse anaseka kale. Mtsinje ukauma ndimakang'amba miyala yathyathyathya, m'kati mwake n'kupeza masamba a mitengo yakalekale atadindika ngati agwa dzulo. Palibe anandiphunzitsa, ndinachita kufufuza pa foni. Ndinkasenza pamutu n'kuunjika kuseri kwa nkhokwe. Umodzi unali ndi nthambi yathunthu.

Kutchalitchi analengeza kuti banja lililonse libweretse miyala yomangira khonde. Kwathu ntchitoyo inagwera mlongo wanga Darius, amene msana umamupweteka akangoona khasu. Mwanzeru zake anapeza mtsinje wapafupi, kuseri kwa nkhokwe.

Pochoka kumunda ndinangopeza mapazi a ng'ombe ndi njira ya ngolo. Ndinathamangira kutchalitchi.

Ndinapeza azimayi akuswa miyala yanga ndi nyundo, uku akuimba mokoma. Darius ali pamthunzi, akulandira matamando. Wa nthambi uja amisiri athu a Friday anali atauika pakhomo chafufumimba, simenti ili kale m'wilibala.

"A Friday, mwalawo ndi wanga!"

"Manje ndi wa Mulungu, Tisiyenji. Ndautembenuza chifukwa mbali inayo ndi yakuda."

"Yakuda? Ndi masamba amenewo!"

"Eya, zinyalala."

"Iwe mwana wamkazi, miyala udzaphika?" anatero Darius. "Ndakuthandiza, wapereka kwa Ambuye."

"Zikomo alongo. Nanga dzina atchula la ndani?"

Azimayi anasiya kuimba. Ine ndinakhala pamwalapo n'kupinda manja.

"Nyamuka, simenti ikuuma," anatero a Friday.

"Iume. Pena mundimangire pompano, olowa azindiponda pamutu. Ndinazolowera."

Amayi Immaculate, apampando a zomanga, anayesa vesi. Ndinawayankha ndi lija la osaba. A Friday anathira madzi m'wilibala, natakasa, nathiranso. Kenaka anaponya fosholo pansi.

"Darius, kanditengere mwala wina wonga uwu kumtsinje. Manje manje."

"Ng'ombe ndabweza kwa eni ake, amisiri."

"Mutu nawo wabweza?"

Azimayi anafa nako kuseka. Amayi Immaculate anam'pindira chitenje chawo kukhala nkhata.

Ndinadikira mpaka atabwera, khosi litalowa m'mapewa, thukuta kamukamu. Ndipamene ndinanyamuka n'kutembenuza mwala wanga. Nsonga ya nthambi inali itabenthuka. Miyala ina yonse ija ili pansi pa khonde, anthu amapukutirapo matope Lamulungu.