Kalata Yomwe Ndinawalembera Bambo

Kunatsala masabata atatu kuti tiyambe mayeso omaliza a sekondale pamene bambo anaimitsidwa ntchito. Nthawi imeneyo mutu wanga unali pa Chingerezi basi, chifukwa ndi phunziro loti ukalakwa, ena onse alowa m'madzi. Lachitatu lililonse tikaweruka, aphunzitsi athu a Chingerezi ankatitsalitsa m'kalasi kuti tiyeserere kulemba makalata: yofunsira ntchito, yodandaula kuti katundu wafika wowonongeka, yopepesa kuti sunabwere kuntchito. Tinkawatchula kuti Mayi Mfundo, chifukwa ukawapatsa kope ankawerenga mizere iwiri yokha n'kukufunsa kuti, "Mfundo ili pati?" Ine sindinkapitirira malikisi khumi ndi awiri pa makumi awiri. Ankati makalata anga ali ngati mwana wovala jekete la bambo ake, mawu akuluakulu koma mwini wake osaoneka. Ndinkangoti akundida, poti m'kalasi monse ndine ndekha ndinali ndi dikishonale yangayanga.

Lachiwiri lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza bambo ali kale pakhomo dzuwa lili pamutu. Anakhala pampando wa pafupi ndi zenera, ovololo ili m'thupi, nsapato za kuntchito osavula. Mayi, omwe amasoka zovala pabalaza pomwepo, anali ataimitsa makina. Patebulo panali envulopu ya khaki.

Bambo amayendetsa foloko, kagalimoto ka mano awiri kutsogolo konyamulira katundu wolemera, kunyumba yaikulu yosungiramo katundu. Agwirako zaka khumi ndi zinayi. Kalata ya m'envulopumo inali ya Chingerezi. Iwo anali ataimva kale, koma anandiuza kuti ndiwerenge ndi kumasulira kuti mayi amvenso. Inkati bambo akana lamulo la kapitawo ndiponso amulankhula mwachipongwe pamaso pa antchito anzawo. Aimitsidwa kaye, ndipo pofika Lachisanu alembe kalata yofotokoza chifukwa chomwe sayenera kuchotsedwa ntchito.

"Sukulu ukupitayi ntchito yake ndi imeneyi," anatero bambo. "Tenga pepala."

Mayi anasuntha nsalu ndi sizasi kuti ndipeze polembera. Bambo ankalankhula akuyendayenda. Anati kapitawoyo ndi mwana wa dzulodzuloli, anafika pakampanipo iwo atayamba kale kumera imvi, sasiyanitsa buleki ndi hutala, ndipo udindo anaupeza chifukwa chodziwa kuseka nthabwala za mabwana. Ine ndinkazitembenuzira m'Chingerezi, dikishonale ili pamwendo. Pomwe panali mawu aafupi ndinkafufuza aatali. Inakwana masamba awiri. Nditawawerengera, bambo anagwedeza mutu mokhutira ngakhale ndinkadziwa kuti theka la mawuwo sanawamve.

"Chizungu chake ndi chimenecho," anatero. "Akadziwe kuti kwathu kuli anthu ophunzira."

Mayi anangofunsa ngati tikufuna kuti abwana adabwe kapena kuti bambo abwerere kuntchito.

Mawa lake linali Lachitatu. Ndinakopera kalata ija m'kope n'kuipereka ngati yoyeserera chabe. Mayi Mfundo anaiwerenga yonse mpaka pamapeto, zomwe sankachita, ndipo bolopeni yawo yofiira sanaitsegule n'komwe. Anzanga atatuluka anandiitana.

"Ndi bambo ako?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Tamvera. Munthu amene akawerenge kalatayi ali ndi makalata ena makumi atatu patebulo. Sakufuna kudziwa kuti kapitawo anabadwa liti. Akufuna kudziwa chinachitika n'chiyani, tsiku lanji, nthawi yanji, anaona ndani, ndipo bambo ako akupempha chiyani. Masamba awiri onsewa, ine sindikudziwabe chomwe anakanira."

Ndinazindikira kuti nanenso sindikudziwa. Ndinawapempha kuti andilembere iwowo, koma anakana. Anati m'chipinda cha mayeso sadzakhalamo, ndiponso kuntchito komwe ndidzapite sadzanditsatira. Analemba mafunso asanu aja kuseri kwa kope langa, n'kundiuza kuti kalatayo isadutse tsamba limodzi, komanso musapezeke liwu lomwe bambo angalephere kulifotokoza atafunsidwa.

Kufunsa kholo lako mafunso ngati amenewo si chinthu chapafupi. Nditangofika pa funso lachiwiri, bambo anandifunsa ngati ndalowa upolisi. Koma mayi anali pomwepo akupinda siketi ya munthu, ndiye pang'onopang'ono nkhani inatuluka. Lachiwiri m'mawa, cha m'ma naini, kunabwera lole yodzaza migolo ya penti. Kuchokera poimikira lole kupita mkati pali potsetsereka, ndipo kumunsi kwake anthu asanu ankasanja makatoni ndi manja. Mabuleki a foloko anali atayamba kuterereka kuyambira Lachinayi la sabata yatha. Bambo anati sangatsike napo mgolo wodzaza anthu ali kumunsi. Kapitawo anati lole ikuchedwa. Bambo anazimitsa injini, n'kuzula kiyi, n'kumuikira m'manja.

Ndinawafunsa ngati anauzako wina za mabulekiwo tsikulo lisanafike. Anati pali buku lomwe woyendetsa amalembamo m'mawa uliwonse asanalize injini, za mafuta, matayala, hutala ndi mabuleki. Analembamo masiku anayi, ndipo kapitawo amasaina pansi pake tsiku lililonse.

"Nanga dzulo simunanene bwanji, bambo?"

Anayang'ana kunja. Kenako anati zomwe amalemba m'bukumo si Chizungu choti n'kuonetsa anthu. Anandilembera pamphepete pa nyuzipepala. Anali mawu atatu okha, opanda mneni, limodzi lolembedwa molakwika, koma aliyense akanamva kuti mabuleki sali bwino.

Linatsala funso la chipongwe. Bambo anayang'ana mayi, mayi n'kuti, "Nenani, mwanayu wakula." Ndiye anaulula kuti anamuuza kapitawo kuti mutu wake uli ngati mgolo womwe penti inatha, ukangougogoda umalira. Anthu pafupifupi khumi anamva, ena anaseka. Mayi nawonso anaseka, kenako anadzigwira. Ine ndinati zimenezo tiyenera kuzivomera m'kalatamo popeza mboni zilipo. Bambo anakwiya.

"Ndipepese kwa mwana amene akanandiphetsa anthu?"

"Pepesani za mgolozo," anatero mayi osasiya kupinda. "Za kiyi musapepese."

Kalata yachiwiri inali ndi ndime zinayi zazifupi. Yoyamba inanena kuti ndikuyankha kalata yanu ya tsiku lakuti. Yachiwiri inafotokoza za lole, potsetsereka, anthu asanu ndi masiku anayi a m'buku. Yachitatu inavomera mawu oipa aja ndi kupepesa. Yachinayi inapempha kuti aone bukulo, ayese mabulekiwo, ndipo alole bambo kubwerera pantchito. Lachinayi m'mawa ndinawaonetsa Mayi Mfundo belu lisanalire. Anakonza aneni awiri omwe ndinawaika m'nthawi yolakwika, anachotsa liwu limodzi lalitali lomwe ndinalizembetsa, n'kundibwezera osalemba malikisi. Bambo ataiona anaitembenuza kuseri kufuna mawu ena.

"Yaifupi chonchi?"

Anasainabe, Lachisanu n'kukaipereka. Anabwerako ndi uthenga woti Lolemba akaonekere pamaso pa abwana oona za antchito, ndipo zokambiranazo zikakhala za m'Chingerezi chifukwa zonse zimalembedwa.

Loweruka ndi Lamulungu mabuku anga a sayansi anagona. Ndinkakhala kuseri kwa tebulo la makina a mayi ngati bwana, bambo ali pampando kutsogolo kwanga, manja pamawondo. Ndinkawafunsa mafunso kuchokera m'kalata ija. Poyamba ankayankha bwino ziganizo ziwiri, mtima ukangokwera n'kubwerera kuchilankhulo chathu, n'kuyambanso za chaka chomwe kapitawo anabadwa. Zikatero mayi ankagogoda tebulo ndi sizasi, n'kuyambiranso. Ndinawaphunzitsa chiganizo chopemphera mwaulemu kuti funso libwerezedwe, ndi china chonena kuti sindikukumbukira bwino m'malo mongopeka yankho. Chachiwiricho anachikana nthawi yaitali, amati mwamuna wamkulu sanganene kuti waiwala.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti tikafika pa za folokoyo, bambo ankalankhula Chingerezi mofulumira kuposa ine. Ankadziwa dzina la kachitsulo kalikonse, mayina ena oti m'dikishonale yanga munalibe. Galamala inali yokhotakhota, koma sankaima. Ine ndimayamba ndamanga chiganizo chonse m'mutu, ndikamati ndichitulutse nthawi yatha. Nditawauza zimenezi anati foloko siidikira kuti upeze mneni, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anaseka.

Lolemba ndinapita kusukulu ngati masiku onse, koma zomwe anaphunzitsa tsikulo sindikuzikumbukira. Pobwera ndinapeza mayi akusoka, bambo kulibe. Anafika cha m'ma faifi, nthawi yawo yoweruka, ovololo ili ndi fumbi. Anavula nsapato pakhomo, anasamba m'manja, kenako n'kuyamba kuwafotokozera mayi, ine ndikumvera ndili pomwepo. Abwana anatumiza munthu kukatenga buku lija, ndipo mizere inayi ija anaipeza, siginecha ya kapitawo ili pansi pa uliwonse. Makanika anaitanidwa, anayendetsa foloko mamita ochepa n'kunena kuti isagwirenso ntchito mpaka ataikonza. Za kukana lamulo zinathera pomwepo. Za mgolo wopanda penti anawapatsa chenjezo lolemba, lomwe likhale m'failo yawo miyezi isanu ndi umodzi. Limeneli linawawawa, ndipo mpaka lero akalikumbukira amati tinawagulitsa ine ndi mayi.

Kapitawo sanachotsedwe. Kuyambira sabata imeneyo anawaika bambo kubwalo lakunja komwe kulibe mthunzi, ndipo moni sapatsana. Mayi atafunsa ngati abwana anafuna kudziwa yemwe analemba kalatayo, bambo anati anafunsadi.

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati ife kunyumba."

Loweruka lomaliza mayeso asanayambe, ndili kuchipinda ndikuloweza aneni osatsata lamulo, ndinamva kugogoda. Anali mlonda wa kuntchito kwa bambo, munthu wachikulire, chipewa chili m'manja. Anati wamva kuti pakhomo pano pali mwana wodziwa makalata. Ankafuna kupempha kuti amusinthire kugeti lapafupi ndi msewu, chifukwa mwendo wake unayamba kuvuta ndipo geti lakumbuyo n'lokwera masitepe. Mayi anamuuza mwaulemu kuti mwanayo ali pa mayeso, abwere pakatha masabata awiri. Mlondayo anati ndandanda yatsopano ya alonda ituluka Lachiwiri.

Ndinatuluka ndi kope. Mayi anandiyang'ana, anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kunena kuti theka la ola, osapitirira. Anasunthanso nsalu zija. Mlondayo anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za mkulu wa alonda, kuti ndi munthu wokondera abale ake.

"Zimenezo tizisiye kaye, agogo," ndinatero. "Mwendowu unayamba liti, ndipo kuchipatala anakupatsani pepala?"

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi.